Bauti ya 8.8 si ya Grade 8: kamangidwe koyenera ka mabauti a makina a mbewu

Zitsulo zambiri zimene zimagwira ntchito m'minda ya mbewu ndi m'nyumba zosankhiramo mbewu kuno kwathu zimadzera ku East Rand, m'dziko la South Africa, zisanafike m'manja mwathu. Dera limeneli, lomwe kuyambira m'chaka cha 2000 lili pansi pa khonsolo ya Ekurhuleni, ndi la mafakitale ochuluka zedi. Amene anakhalako ku lokeshoni ya Thokoza, kumwera kwa Alberton, akudziwa kuti munthu akangotuluka m'nyumba za anthu amapezeka ali kale pakati pa mafakitale a ku Alrode, ndipo Wadeville ndi Germiston si kutali. Dzina la lokeshoniyi m'Chizulu limanena za kukondwa, osati kuyamika monga khutu lathu limamvera. Kumeneko, komanso ku Katlehong ndi ku Vosloorus, kumakhala abale athu amene timawatuma kaŵirikaŵiri kuti atigulire masipeya, ndipo katunduyo amabwera pa mabasi kapena pa malole kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka kulowa pa Mwanza kapena pa Dedza.

Uthenga umene timatumiza pa WhatsApp umakhala waufupi: "Achimwene, mutigulireko mabauti a 19 okwana makumi awiri." Achimwenewo amagula mokhulupirika, koma mawu athuwo sanawauze chimene tikufuna. Nambala 19 ndi kukula kwa sipanala, si kukula kwa bauti. Sipanala ya 19 imagwira mutu wa bauti ya M12 yopangidwa motsata muyezo wa ku Germany, ndipo imagwiranso mutu wa bauti ya theka la inchi, popeza sipanala ya bauti imeneyi ndi ya mamilimita 19.05. Pamene M12 yopangidwa motsata muyezo watsopano wa ISO imafuna sipanala ya 18, ya pa makina a ku Japan nthawi zambiri imafuna 17, yomwe kwa ena ndi sipanala ya M10. Ngakhale kukula kukhale kolondola, sitinanene kulimba kwa chitsulo chake, ndipo kulimbako ndiko kumalamula mphamvu imene tiyenera kumangira bautiyo.

Nkhaniyi ikuoneka yochepa kwa munthu wolima chimanga chodya, koma kwa mlimi wa mbewu si yochepa. Wolima mbewu ya haibulidi amabzala mizere yaimuna ndi yaikazi motsata masiku amene kampani yamupatsa, kuti mungu wa ngayaye udzapezane ndi ndevu zitangotuluka. Makina obzalira akaima sabata yathunthu m'mwezi wa Disembala chifukwa bauti yathyokera m'kati mwa chitsulo, masiku aja amasokonekera, ndipo palibe feteleza amene angabweze mungu umene wapita kale. Chimodzimodzi makina opukuchira: mabauti ogwira ng'oma yake akakhwefuka, mpata wa pakati pa ng'oma ndi sefa umasintha, njere zimasweka kapena kung'aluka mosaoneka ndi maso, ndipo vutolo limadzaonekera pamene a Seed Services Unit a ku Chitedze akuyesa kameredwe ka mbewuyo.

Chimene chalembedwa pamutu pa bauti

Mabauti oyezedwa m'mamilimita amatsata muyezo wa ISO 898-1, ndipo pamutu pake pamadindidwa manambala awiri olekanitsidwa ndi kadontho: 4.6, 4.8, 5.8, 8.8, 10.9 kapena 12.9. Manambalawa ali ndi tanthauzo lenileni. Yoyamba tikaichulukitsa ndi 100 imatiuza mphamvu imene chitsulocho chimadukira pokokedwa, m'muyezo wa MPa, womwe ndi newton imodzi pa sikweya milimita iliyonse. Yachiwiri imatiuza gawo la mphamvuyo pamene chitsulo chimayamba kutamuka osabwereranso. Motero bauti ya 8.8 imaduka pa MPa 800, koma imayamba kutamuka kotheratu pa magawo asanu ndi atatu mwa magawo khumi a mphamvuyo, kutanthauza MPa 640. Ya 10.9 imaduka pa 1,000 ndipo imatamuka pa 900. Ya 12.9 imafika 1,200 ndi 1,080. Ya 4.6, yomwe yadzaza m'masitolo a zomangira nyumba, imaduka pa 400 ndipo pa 240 yatamuka kale. Mabauti awiri ofanana kukula, ofanana kuwala, akhoza kusiyana mphamvu kuposa katatu.

Mabauti oyezedwa m'mainchi ali ndi chinenero china, cha muyezo wa ku America wa SAE J429. Iwo alibe manambala pamutu koma timizere. Wopanda kamzere ndi Grade 2, wofewa. Timizere titatu ndi Grade 5. Timizere tisanu ndi kamodzi ndi Grade 8. Apa ndi pamene amalonda ambiri amagwa: Grade 8 siyofanana ndi 8.8. Imene ikufanana mphamvu ndi 8.8 ndi Grade 5, pamene Grade 8 ikufanana ndi 10.9. Buku la makina likanena Grade 8, wogulitsa n'kupereka 8.8 chifukwa onse ali ndi nambala 8, mlimi wapatsidwa bauti yofewa kuposa imene anafuna, ndipo akaimanga pa mphamvu yolembedwa m'bukumo aitamula.

Wina angafunse chifukwa chimene tikuvutikira ndi mainchi pamene South Africa ndi Malawi yemwe anasiya kale muyezo umenewu. Yankho lili m'mashedi mwathu. Mathirakitala a Massey Ferguson akale opangidwa ku Coventry, monga 135 amene ena akulima mpaka lero, ali ndi mazinga a mainchi, ndipo zipangizo zambiri zobzalira zochokera ku America ndi zotero. Bauti ya 5/16 ya inchi imalowa mu nati ya M8 n'kuzungulira kangapo isanakakamire, ndipo wamakaniko wofulumira amangoonjezera mphamvu poganiza kuti ndi dzimbiri. Mazinga onse awiri amatha pomwepo. Bauti yoyenera imalowa ndi zala zokha mpaka kutali. Ikakana pa kuzungulira kwachiwiri kapena kwachitatu, si yake.

Nati nayo ili ndi giredi, yolembedwa ndi nambala imodzi: 8, 10 kapena 12. Nambala ya nati isachepere nambala yoyamba ya bauti. Bauti ya 10.9 yomangidwa ndi nati wamba yopanda chizindikiro ili ndi mphamvu ya natiyo basi, ndipo ndalama imene inaonjezeredwa pogula bauti yolimba yangotayika. Mabauti osachita dzimbiri, olembedwa A2-70 kapena A4-80, amafunika pa makina opaka mankhwala ku mbewu ndi pa zothira feteleza, pomwe chitsulo wamba chimadyeka msanga. Koma A2-70 imayamba kutamuka pa MPa 450 zokha, choncho siyolowa m'malo mwa 8.8, ndipo mazinga ake amakonda kugwirana okhaokha akamangidwa ouma ndi mofulumira.

Muyezo wa ISO umafunanso kuti pamutu pa bauti pakhale chizindikiro cha fakitale imene inaipanga, pambali pa giredi. Ife timaona kuti wamalonda wosamala asalandire bokosi la mabauti olembedwa 8.8 kapena 10.9 opanda chizindikiro cha wopanga, ngakhale mtengo wake ukhale wokoma chotani, pakuti kudinda nambala pachitsulo chofewa sikuvuta.

Kumanga bauti ndiko kuikoka

Tikamamanga nati, chimene tikuchita kwenikweni ndi kukoka bauti kuti itamuke pang'ono ngati mpira wa legeni. Pofuna kubwerera mwakale, bautiyo imapanikiza zitsulo ziwiri zimene yagwira, ndipo kupanikiza kumeneku ndiko kumaletsa zitsulozo kugwedezeka. Bauti yomangidwa mopereŵera imalola zitsulo kusuntha pang'onopang'ono makina akamanjenjemera. Bowo limakula, nati imamasuka, ndipo bautiyo imatopa n'kuthyoka. Ambiri amadabwa kumva kuti bauti yokhwefuka imathyoka msanga kuposa yomangidwa bwino, koma ndi mmene zilili. Yomangidwa mopyola nayo imadutsa malire ake, imatamuka osabwerera, ndipo kupanikiza kuja kumachepa ngakhale dzanja lidamva kulimba.

Popeza kutamukako sitingakuone, timayeza mphamvu yopotolera nati, yomwe amisiri amaitcha torque, ndipo muyezo wake ndi Nm. Nm imodzi ndi mphamvu ya newton imodzi yokoka kumapeto kwa sipanala yotalika mita imodzi. Kilogalamu imodzi yopachikidwa pamenepo imapereka pafupifupi Nm 9.8. Mabuku a ku America ndi a ku Britain akale amalemba lb-ft, ndipo imodzi ya iyo ndi Nm 1.356. Kuwerenga 75 lb-ft ngati Nm 75 kumasiya bauti itatsala ndi gawo limodzi mwa magawo anayi kuti ifike pake.

Akatswiri amapeza nambalayi pochulukitsa zinthu zitatu: kunenepa kwa bauti m'mamita, mphamvu yokoka imene tikufuna, ndi nambala yoimira kukhakhala kwa mazinga, yomwe pa bauti yachitsulo youma imakhala pafupifupi 0.2. Tiyeni titenge M12 ya 8.8. Malo a chitsulo amene amasenza katundu pa mazinga ake ndi masikweya milimita 84.3. Muyezo umanena kuti bauti yotere iyenera kupirira MPa 580 osasintha kutalika kwake, ndipo tikachulukitsa timapeza newton pafupifupi 48,900. Mwachizolowezi sitifika pamalire. Timatenga magawo atatu mwa anayi, omwe ndi newton 36,700, kapena kuti kulemera kwa matani 3.7. Tsono 0.2 kuchulukitsa ndi 0.012 kuchulukitsanso ndi 36,700 kumatipatsa Nm 88. Kabauti konenepa ngati chala kamapanikiza zitsulo ndi kulemera kwa matumba a chimanga a makilogalamu 50 oposa 70.

Masamu omwewa pa M12 ya 4.6 amapereka Nm 34 zokha, pa 10.9 amapereka 126, ndipo pa 12.9 amapereka 147. Onani kuti munthu amene wamanga 4.6 pa Nm 88 waipyoza malire ake kutali, pamene amene wamanga 10.9 pa 88 yomweyo wasiya gawo lalikulu la mphamvu yake osaligwiritsa ntchito. Pa makulidwe ena a 8.8, M8 imafuna pafupifupi Nm 25, M10 imafuna 50, M16 imafuna 218, ndipo M20 imafuna 440. Pa 10.9, M10 imakwera kufika 72 ndipo M16 kufika 313. Bauti ya theka la inchi ya mazinga akuluakulu imafuna 75 lb-ft ikakhala Grade 5 ndi 106 lb-ft ikakhala Grade 8, kutanthauza Nm 102 ndi 144. Matebulo a mafakitale osiyanasiyana amasiyana pang'ono ndi manambalawa chifukwa aliyense amasankha nambala yake ya kukhakhala, ndipo kusiyana kwa magawo asanu kapena khumi pa 100 kusakudetseni nkhawa. Pamene buku la makina lapereka nambala yake, nambala ya m'bukuyo ndiyo yoyenera kutsatidwa, chifukwa wopanga makina akudziwa zimene tebulo wamba silidziwa.

Chimodzi mwa zimene tebulo silidziwa ndi chitsulo chimene bautiyo ikulowamo. Manambala onsewa ndi a bauti yachitsulo yomangidwa ndi nati ya giredi yake. Pa mapampu a ulimi wothirira ndi pa timainjini ta petulo, mabauti ambiri amalowa mu aluminiyamu, ndipo mazinga a aluminiyamu amasosoka bauti isanamve n'komwe kukoka. Pamenepo giredi ya pamutu ilibe mawu. Cholamula ndi chitsulo chofewacho.

Tibwere ku nkhani ya oyilo, yomwe taona kuti imanyenga ngakhale amakaniko odziwa ntchito. Pa mphamvu yonse imene dzanja limapereka pa sipanala, pafupifupi magawo 90 pa 100 amathera pa kukhulana, theka pansi pa mutu wa bauti kapena nati ndipo ena m'mazinga. Magawo khumi okha otsalawo ndiwo amakoka bauti. Choncho chilichonse chosintha kukhulana chimasintha zotsatira kwambiri. Tikapaka oyilo kapena girizi, nambala ija ya 0.2 imatsika kufika pafupifupi 0.15, ndipo M12 ya 8.8 imafika pa kukoka koyenera pa Nm 66 zokha. Amene waipaka girizi n'kuimangabe pa 88 waikoka ndi newton pafupifupi 48,900, pamalire penipeni pamene tinkathawa paja. Dzimbiri limachita zosiyana: sipanala imasonyeza kuti 88 yakwana pamene bauti sinakokedwe mokwanira, mphamvu yonse yathera pomenyana ndi dzimbiri. Musanamange, yang'anani ngati nambala ya m'buku ikunena za mazinga ouma kapena opakidwa mafuta, ndipo mazinga akale muyambe mwawatsuka ndi bulashi yawaya.

Zipangizo, ndi bauti imene ntchito yake ndi kuthyoka

Sipanala yoyezera torque, ya mtundu umene umalira kuti "tcha" mphamvu ikakwana, ndi chipangizo chimene mlimi aliyense wa mbewu wokhala ndi thirakitala ayenera kukhala nacho, ndipo ngati pali chinthu chimodzi chotumira abale a ku Thokoza chaka chino, tingasankhe chimenechi. Imodzi yoyambira Nm 40 kufika 200 imakwanira mabauti ambiri a zobzalira ndi zopukuchira. Manati a matayala a thirakitala amafuna ina yaikulu. Ikalira, lekani pomwepo. Kubwerezanso kawiri katatu "kuti itsimikize" kumangopyoza muyezo. Mukamaliza ntchito bwezani chogwirira chake pa nambala yotsikitsitsa kuti sipuling'i yake isatope, ndipo musamasulire nayo mabauti ouma. Muyezo wa ISO 6789 umalangiza kuti iyesedwe pakatha miyezi 12 kapena ikagwira ntchito ka 5,000.

Kumene sipanala yotere kulibe, sikelo yopachika imene ili m'sitolo iliyonse ya zipangizo zaulimi ikhoza kuthandiza. Yezani theka la mita kuchokera pakati pa bauti, pa chogwirira chachitali, kolowekani sikelo pamenepo, ndipo kokani molunjika mopingasa ndi chogwiriracho. Nm 88 ndi makilogalamu 18 pa sikelo. Nm 50 ndi makilogalamu 10. Njirayi ndi yachikale koma masamu ake ndi oona, ndipo imaposa kutali chizolowezi choloweka paipi ku sipanala n'kupondapo. Munthu wa makilogalamu 70 ataima kumapeto kwa paipi ya mita imodzi amapereka pafupifupi Nm 690, zokwanira kupotola M12 ya giredi iliyonse mpaka kuidula. Makina omangira a mpweya kapena a batire nawonso sadziwa malire. Ndi abwino poyandikiza nati, koma kumaliza kukhale kwa dzanja.

Pamene mabauti ali ambiri mozungulira, monga pa tayala kapena pa chivundikiro cha giyabokosi, amamangidwa modumphadumpha, ina kuno ina tsidya linalo, poyamba pang'ono kenaka pa mphamvu yonse. Manati a matayala ndi mabauti a zitsulo zolimira ayang'anidwenso pakatha maola ochepa a ntchito, chifukwa penti ndi dothi zimene zinali pakati pa zitsulo zimaphwanyika ndipo kupanikiza kumachepa. Mabauti a mutu wa injini zambiri zamakono amamangidwa pa nambala ina kenaka n'kupotoledwa madigiri otchulidwa m'buku; amenewa amatamulidwa dala, ndipo akamasulidwa sabwezeredwanso.

Pali bauti imodzi imene tikupempha amalonda anzathu kuti aisamale mwapadera. Pa shafiti yotenga mphamvu kuchokera ku thirakitala, pa makina otchetcha, pa makasu ena olimira mozama ndi pa zobzalira zina, opanga makina amaikapo bauti imene cholinga chake ndi kuduka makina akagunda chitsa kapena mwala. Imaduka kuti giyabokosi ipulumuke. Mlimi amene yamudukira kachitatu tsiku limodzi amabwera ku sitolo atakwiya, n'kunena kuti, "Bambo, ndipatseni yolimba kwambiri imene muli nayo." Wamalonda akamupatsa 10.9 kapena 12.9 pamalo pamene buku linanena Grade 2 kapena 8.8, bautiyo siidukadi, ndipo chimene chimasweka ndi mano a magiya kapena shafiti, zinthu zimene mwina ziyenera kuitanitsidwa ku Joni komweko pamene mvula ikugwa. Yankho loyenera kwa mlimi wotere ndi kumugulitsa mabauti khumi a giredi yolembedwa m'buku, ndi kumufunsa ngati mundawo unazulidwa zitsa bwino, kapena ngati bowo la bautiyo silinakule.

Ngakhale pamalo ena onse, 12.9 si mfumu ya mabauti monga ena amaganizira. Chitsulo cholimba chotere sichipirira kupindika, chimathyoka mwadzidzidzi osachenjeza, ndipo chikakutidwa ndi zinki mosasamala chikhoza kung'aluka chokha patapita masiku chimangidwire. N'chifukwa chake mabauti a 12.9 nthawi zambiri amagulitsidwa akuda, osakutidwa. Pa zipangizo za m'munda zimene zimamenyana ndi nthaka youma ya mu Okutobala, 8.8 ndi 10.9 ndizo opanga makina amakonda kulemba.

M'sitolo, mabauti asungidwe m'mabokosi olekanitsa giredi, osati kukula kokha, ndipo a mainchi akhale pa shelefu yawoyawo. Potuma munthu ku Alrode kapena ku Wadeville, uthenga unene zinthu zisanu: kunenepa, kutalika, mtundu wa mazinga, giredi, ndi chokutira. "M12 x 50, mazinga a 1.75, giredi 8.8, yokutidwa zinki, pamodzi ndi nati ya 8" ndi mawu amene wogulitsa aliyense wa kumeneko angawamve popanda kufunsanso. Ngati bauti yakale ilipo, ijambuleni pamutu pooneka manambala kapena timizere, muijambulenso itagona pambali pa rula, ndipo zithunzi ziwirizo zipite limodzi ndi uthengawo.